Mlembi wa Msonkhano wa pa Bangula

Anandipatsa bolopeni ndi kope la ana asukulu,
akuti iwe Feliya, dzanja lako limawerengeka, lemba.
Okutobala. Malata a holo akuthetheka ndi dzuwa,
fani imodzi ikuzungulira ngati yachita kukakamizidwa.
Nkhani ndi ya kaundula:
kodi maina a ogwirira alembedwe,
asunge ndani, awerenge ndani, mpaka liti.

Oyamba kuimirira ndi mai Chapepa a ku Makhanga.
Moni sanapereke.
Akuti chaka chija madzi anatisamutsa
tinkagona m'makalasi mothithikana ngati matumba a thonje,
ndipo amene ankagawa ufa ndi mabulangete
anali atachotsedwa kale kwina pa mlandu womwewu.
Palibe anatitsina khutu.
Mwana wanga lero sadutsa pasukulu, amalambalala kudambo.
Lembani dzinalo, akutero,
mulikhome pamlambe, pachigayo, padoko la mabwato,
kuti ikamayandama tizidziwa kuti ndi ng'ona, si chipika.

Ndalemba: Mai Chapepa avomereza.
Mawu atatu basi.
Enawo atsalira m'thukuta la m'manja mwanga.

Kenako a Alfazema, okonza njinga za kabaza pamsika,
chipewa chili pachifuwa.
Akuti mwana wanga analakwa, sindikana,
kupolisi ndinamuperekeza ndekha.
Zaka khumi ndi zinayi wazigwira, wabwerako mano atatha.
Ku Nchalo ngakhale yodula nzimbe anamukaniza.
Mukakhoma dzina lake pamlambe
mwakhoma langa, la alongo ake, la adzukulu osabadwa,
pajatu dzinalo ndi limodzi.
Ndipo anyamata a kuno mukuwadziwa, petulo sasowa.
Iye adzangowoloka pa Marka usiku, kutsidyako akhale munthu wina.
Buku lanulo lidzalondera ndani?

Wina kumbuyo wafuula, akadaganiza kale zimenezo!
Wina wati musiyeni mkuluyo amalize.
Koma anali atamaliza.

Loya wachitsikana wotsika kuchokera ku Blantyre,
akudzikupiza ndi mapepala ake omwe,
wati pali njira yapakati:
bukulo likhale kupolisi, lisapite pamtengo,
alitsegule olemba aphunzitsi, anamwino, ogawa thandizo m'misasa,
ndipo pakatha zaka, khoti liunikenso dzina lililonse,
losintha lifufutidwe.
Mai Chapepa afunsa ali chikhalire:
nanga za mwana wanga zidzafufutidwa pakatha zaka zingati?

Ntchentche yamveka m'botolo la fanta.
Apa sindinalembe kanthu.

Wapampando wati tikweze manja.
Ndiwerenga ndine.
Ofuna buku, makumi anai ndi mmodzi.
Dzanja lokwera kuposa onse lili pamzere wachitatu,
malaya oyera osita bwino, wotchi yonyezimira.
Dzanjalo ndimalidziwa.
Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.
Nkhani yake inathera pakhonde, mbuzi ziwiri ndi thumba la mapira,
amalume akuti zam'nyumba sizipita kubwalo.
Mbuzi imodzi inaswa mapasa, anthu ankati mwayi.

Khoti silimudziwa.
Buku lomwe tikukanganiranali, likhomedwe kapena litsekeredwe,
lidzatsegulidwa ndi kutsekedwa iye akuwomba m'manja.

Anthu akutuluka, akufola polandira ya transipoti.
Mai Chapepa ndi a Alfazema akumana pakhomo,
aliyense wapatukira mnzake, palibe wayang'ana mnzake.
Kunja mwera ukuulutsa fumbi kulowera ku Mtayamoyo.

Ndatembenuza kope, tsamba lomaliza,
pamene ana amayeserapo bolopeni ngati ikulemba.
Ndalemba dzina lake lonse, ndi la bambo ake, ndi chaka.
Zilembo zapendekeka, koma zikuwerengeka.
Wapampando watambasula dzanja, akuti mwamaliza, a mlembi?
Ndamupatsa kopelo osang'amba tsamba lililonse.