Pachipata cha Chungará

Ximena Colque amabweza anthu.
Ndiyo ntchito yake pamalire a Chile ndi Bolivia,
kumtunda kumene mpweya umaperewera m'chifuwa.
Lero wabweza dalaivala wa lole:
chiphaso chinatha mphamvu mu Meyi.

Koma pansi pa lamba wa yunifolomu,
lamba amene waboolanso kachitatu,
muli mlendo wopanda pepala.
Theka lake ndi la Efraín.

Asilikali a m'thupi mwake,
osalekerera ngakhale kamunga,
anafika pansengwa, nanunkhiza,
natsitsa mikondo.
Ena mpaka akukuza mitsempha
kuti mlendo adye.

Sanagone ayi, anatero dokotala ku Arica,
chimfine akulimbana nachobe.
Uyu yekha ndiye amulekera njira.

Ximena anyamula chidindo.
M'kati, kaphazi kagogoda.