Thovu la Sopo

Lero ndi tsiku lachitatu silinda yanga ili pamzere ku Kanengo.
Ndaimanga kansalu kofiira pakhosi
kuti isasochere pakati pa zinzake,
zonse zopepuka ngati chigubu cha m'chilimwe.
Mlonda akuti thanki ya gasi idakali pa boda ku Dedza,
mapepala sanadindidwe.
Anatero dzana. Anateronso dzulo.

Ndili chiimire, foni yanjenjemera m'chitenje.
Ndi Malizani, mlongo wanga,
uja adapita kukawotcherera mapaipi
kudziko la mchenga, komwe mafuta amachita kutumphuka.
Watumiza kanema:
chumuni chachitali kuposa bulugama aliyense ndidamuonapo,
pansonga pake lawi.
Lawi lokhalokha,
lopanda mphika, lopanda wowotha.
"Achemwali, uyu ndi gasi wotsala, amangomutentha.
Ndidapeza ukuyaka motowu, sunazimepo.
Kuno usiku sikuda.
Mbalame zimazungulira, kuzungulira, mpaka kugwa."

Nachisale, wa kumbuyo kwanga, wasuzumira.
"Kumeneko kwagwa zovuta?
Moto wochezera usiku wonse ndi wa pasiwa.
Wamwalira ndani?"
Ndasowa chomuyankha.
Mumtima ndikuwerengera nyemba za Mgona yense,
tiyi wa ana a sukulu, madzi osamba a odwala ku Bwaila,
zonse zikanapsa ndi mphindi imodzi ya lawi limenelo.

Madzulo ndabwerera ndi silinda yanga kumutu, yopanda kanthu.
Pa mphambano ndaimitsa wanjinga,
thumba la makala litamupinda msana kuchokera ku Dzalanyama.
Mtengo wakweranso.
Ndagula ka faifi handiredi, ndikudziwa bwino lomwe
kuti ndagula nthambi ya nkhalango
yomwe imayamwitsa mtsinje,
womwe umayamwitsa mpopi wathu uja wangotsala kutsokomola.

Pakati pa usiku, kutentha kwa Okutobala kutandilanda tulo,
kanema wina.
Amuchotsa kowotcherera, amupatsa kamera
yoona zimene diso silitha kuona.
Paipi yoyera bwinobwino, yopanda banga,
koma mu kamera muja
chiutsi chakuda chili tolotolo pa mfundo.
"Uyu ndiye woipitsitsa, wosayaka uyu.
Alibe mtundu, alibe fungo.
Amakwera mwakachetechete
n'kukafunditsa dziko lonse bulangeti."
Ndakankha changa chofunda ndi phazi.
Kodi ndi lomweli tafunda kuno,
mpaka chizimalupsa kuiwala njira?

Kenako dzanja lake, ndalizindikira ndi chipsera cha chikwanje.
Sipanala.
Kupotokola kamodzi, kawiri, kachitatu mokukuta mano.
Chiutsi chija chaonda,
chasanduka ulusi,
zii.
"Yachisanu ndi chiwiri lero," akutero akupuma wefuwefu.
"Zatsala kaya zingati, bwalo lake ndi lalikulu ngati Kawale.
Akuti chaka chamawa wotsala uja adzamukolera m'paipi.
Akuti. Tidzaona."

Lachisanu thanki yafika.
Makilo atatu aliyense, osapitirira.
Nachisale walulutira ngati pa chinkhoswe.

Kunyumba sindinathamangire machesi.
Ndasungunula kachidutswa ka sopo m'kapu,
ndatenga mswachi wakale,
ndapaka thovu pakamwa pa silinda, pa mfundo, m'mbali mwa kapaipi.
Ulemu wanjuta pambali panga, chala mkamwa.
Tadikira.
Kathovu kamodzi katukumuka pang'onopang'ono
ngati khosi la chule,
kaphulika, kena katukumuka.
"Amama, ikupuma!"
Ndamanga kawaya ndi pulayala mpaka zala kuwawa.
Ndapakanso.
Thovu langokhala duu.

Ndajambula, ndatumiza kwa Malizani:
yanga imodzi lero.
Sanawerengebe, mwina ali pamwamba pa makwerero.
Ndayatsa.
Kalawi kabuluu, kafupi ngati chikhadabo,
ketulo pamwamba pake.