Dzina pa Kathumba

Zelipa wabwera nako pa basi ya usiku yochokera ku Lusaka,
kathumba kosadzaza n'chikhatho chomwe.
Mtengo wake wakana kundiuza.
Akuti ndi khofi wa ku Guatemala;
dzina la mudziwo lilime langa lapunthwapo kawiri, ndalisiya.

Magetsi anapita mbandakucha, Kapata yense ali pa mbaula.
Akupukusa kachigayo ka m'manja,
kakulira ngati tcheni cha njinga chosowa mafuta.
Ufa akuyeza pa kasikelo, magalamu khumi ndi asanu,
ine woyeza mtedza ndi chitini cha penti
ndikuseka chamumtima.

Madzi awira. Akuti ayi, apume kaye,
madzi aukali salola mnzawo kulankhula.
Wathira pang'ono chabe.
Ufa watukumuka ngati dothi la ku Msekera likalawa mvula yoyamba,
fungo latuluka pakhomo kukapereka moni kwa a Sakala.
Kenako mozungulira, mozungulira,
dontho, dontho, kudutsa pa kapepala.
Ndafunsa shuga.
Wandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Psonthani mokweza, malume, musachite manyazi."

Kuwawa kwalowa koyamba, osagogoda.
Ndadikira.
Pambuyo pake kawawasa, ka bwemba wa m'thumba la yunifomu,
tili ana, tikuchokera kusukulu,
kenako kena konga uchi wopserera m'mbali mwa poto.
Iye akuti apulo ndi chokoleti, ndi zimene alemba.
Ine ndikuti bwemba.
Tikukanganabe, kapu yazizira,
ndipo yasintha mawu, yatikana tonse awiri.

Ndatembenuza kathumba.
Pali dzina la mlimi, lathunthu,
kutalika kwa phiri lake, mwezi umene anathyola.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikusankha chalimbana.
Dzino langa limadziwa wa ku Chadiza, limadziwa wa ku Vubwi,
limadziwa wa Mayi Tisauke Miti, amene amaumitsa mosathamanga
ndipo sanyowetsa makoko kuti sikelo iwakondere.
Koma matumba akakwera lole
onse ndi mtedza basi,
makilogalamu makumi asanu, ulusi, inki yofiira.
Wokazinga ku Lusaka sadzadziwa woti amuthokoze.

Zelipa wagona kalekale.
Ine maso ali gwa, anandichenjeza za kapu yachitatu.
Malole akubuula kulowera ku Mwami,
galu wa a Sakala akuwayankha mmodzimmodzi.
Ndikuganiza za munthu uja pa phiri lake,
kumene mwina dzuwa likadali pamutu:
kodi amamwako wabwinoyu,
kapena naye amatsala ndi wosweka ndi wofumbwa,
monga timachitira kuno?

M'kabati muli cholembera chakuda, chija cha manambala.
Matumba a Mayi Miti ndi asanu ndi awiri.
Lole ibwera Lachinayi.