Kalata ya Ahedi

Yafika itapindidwa kanayi m'pepala la shuga
momwe Tiyanjane amasungamo makope,
koma chiperoni chinaipezabe.
Chidindo cha sukulu chasungunuka pakona,
changotsala kadontho kabuluu.

Ndaiyanika pachivindikiro cha ndowa.
Itauma ndamuunikira ndi tochi ya pafoni,
iye wakhosomola kaye ngati a Namakhwa eni ake.

"Okondedwa makolo ndi olera ana,
teremu yachitatu yayamba.
Belu likumalira seveni koloko,
wochedwa azitola zinyalala."
Ndati akawauze ahediwo
kuti nkhungu ya kuno ku Thyolo simva belu.
Waseka pang'ono, wabwezera chala pamzere.

"Mwana aliyense abwere ndi tsache,
kapu ya phala,
ndi chikuni chimodzi Lolemba lililonse.
Tsitsi likhale lalifupi, zikhadabo ziwengedwe.
Poti kwayamba kuzizira,
juzi ya mtundu uliwonse ikuloledwa."
Apo ndapuma bwino.
Ija anaiiwala bambo ake popita ku Joni
tidzangopinda mikono kawiri.

"Zimbudzi za atsikana zatha, kwatsala zitseko.
Aphunzitsi a masamu asamutsidwira ku Luchenza,
ena akubwera, tsiku sitinauzidwe.
Mbuzi zimene zikudya mitengo yathu
eni ake tikuwadziwa."

Kenako chala chalumpha,
monga amalumphira ngalande ya kuseri kwa fakitale,
osayang'ana pansi.

Zilembo sindizidziwa, nzoona,
ndinalekera Sitandade 2 chaka chimene mayi anagona.
Koma manambala inandiphunzitsa ndi sikelo ya ku esiteti.
Zaka khumi ndi ziwiri dengu lili kumsana,
kalaliki akati makilo sate-faifi
ine ndimakhala nditaona kale fote.
Pamene walumphapo pali 3 ndi maziro atatu.
Pansi pake pali 14,
ndipo pa 14 mwezi uno ndi Lachinayi,
tsiku la ntchito.

Ndati, "Nanga apa?"
Wati, "Apa panyowa, amayi, sipakuoneka."
Pamenepo pali pouma ngati chitsononkho.

Mwana uyu amamva akamatsuka mbale.
Anamva dzana ndikuuza a Nachisale
kuti masamba ayamba kuchepa m'minda,
kapitawo wayamba kuyenda ndi cholembera chofiira,
wojomba tsiku limodzi dzina lake limakhala loyamba.
Ali ndi zaka khumi zokha
koma wawerengera ndalama ya chitukuko,
wawerengera msonkhano wa makolo,
wachotsera pa malipiro anga
n'kupeza kuti sizikukwana.
Ndiye ati aphunzitsi a masamu anachoka?

Sindinamutsutse.
Ndangosendeza tochi kuti apitirize.
Wawerenga za katemera, za mpira wa Lachisanu,
wafika pa dzina la ahedi ndi siginecha yokhotakhota.
Chala chatsikabe mpaka poyera,
popanda ngakhale kadontho ka inki,
ndipo wawerenga mosadodoma:
"Pomaliza, makolo asadandaule,
ana akhoza bwino chaka chino."

Kunja malata akudonthera m'beseni.
Sayirini ya kufakitale yalira ya usiku.

Ndapempha bolopeni yake,
ndapaka pachala changa chachikulu,
chakuda kale ndi utomoni wa tiyi,
ndadinda m'kabokosi ka kholo.
Chidindo changa chatuluka bwino kuposa cha sukulu.

Wagona atakumbatira makope.
Ine ndamasula mfundo ya pachitenje,
ndawerenga, ndabwereza:
wani sauzande eyiti handiredi.
Nkhuku yathadzi ija yaleka kuikira,
Loweruka ikaone msika wa ku Bvumbwe.

Za Lachinayi ndikalankhula ndi kapitawo mawa,
ndisanapachike dengu.
Akakana ndidzapitabe.
Ndidzakhala pabenchi lakutsogolo,
ndidzawapempha a Namakhwa
awerenge kalata yonse mokweza,
ndimve ngati mzere womaliza uja
angathe kuunena ndi pakamwa pawo.