Diso Limodzi Basi

Ndagulitsa mbuzi ziwiri pamsika wa Ngabu,
ndalama zikutentha m'thumba ngati mchenga wa Okutobala.
Pa Nchalo, m'kasitolo ka a Fulukiya,
malenzi awiri a kaunjika agona pansanza.

Lalitalili, akuti, limakoka kakowa
kuchokera pakati pa Dambo la Njovu
mpaka uwerenge nthenga,
limagwira ng'ona ikuyasamula tsidya la Shire
iwe uli phee pamthunzi wa mgwalangwa.
"Alendo a ku Lengwe amagula zoterezi,"
atero a Fulukiya, akupukuta fumbi ndi mkono wa malaya.
Koma alendowo amabwera ndi awo,
aatali ngati musi.

Lalifupili silikoka kanthu.
Umayenda wekha.

Ndakumbuka Semba wodula nzimbe,
nkhope bii ndi mwaye, atandiimitsa panjinga:
"Udzandijambule nditasamba,
nditumize kwa mayi ku Marka."
Ndakumbukanso ukwati wa ku Bangula,
m'tchalitchi muli mdima,
mkwatibwi anatuluka ngati mzukwa
ndipo ankhoswe anakana kulipira.

Kakowa sanafunsepo mtengo.
Ng'ona ilibe mayi woitumizira chithunzi.

Ndatola lalifupi, ndalisuzumira padzuwa
kufunafuna nkhungu m'galasi.
Mulibe, kungokalika pang'ono m'mphepete.
Chenji yatsala ya kabaza basi.

Tsopano ndiziyandikira,
kuyamba ndapereka moni, kufunsa za ana
ndi pamene madzi analekeza chaka chatha,
mpaka munthu aiwale kuti ndanyamula kanthu.

Kakowa adikire thonje la chaka chamawa.