Masamba Opindika

Likisina ponyamuka kukaphunzira unamwino
anandisiyira duwa m'chitini cha penti,
duwa losachita maluwa, masamba okhaokha,
otambalala ngati zikhatho za munthu woothera moto.
Anati, "Bambo, ili lokha musandiphere."
Basi ya ku Mzuzu inali italiza kale hutala.

Ndinaliika pawindo loyang'ana phiri la Kasungu.
M'mawa uliwonse ndisanapite kukameta anthu
ndinkalithirira kapu yodzaza.
Madzulo ina.
Tsiku limene sanayankhe foni, makapu atatu.

Mu Okutobala tsamba loyamba linapinda m'mphepete.
Lachiwiri linadzikulunga ngati ndudu ya chingambwe,
lachitatu linachita chikasu, n'kuweramira pansi
ngati mwana wokanidwa ndalama ya mayeso.
Ndinati ndi ludzu, ndinawonjezera madzi.
Ndinati ndi fumbi la msewu wa ku Chankhanga,
ndinalipukuta ndi kansalu konyowa.
Ndinalibisa kuseri kwa kabati kuopa dzuwa.
Wina wodzameta ndevu anati masamba a tiyi otsala,
wina anati feteleza wa chitowe, kadzanja kamodzi.
Zonse ndinachita.
Duwa linangofumbata manja, osandiuza kanthu.

Ndiye kunabwera a Nagama a kuseri kwa mpanda,
kudzabwereka nyundo.
Zaka makumi awiri anasankha fodya ku esiteti ya ku Chamama,
zala zawo zimawerenga tsamba kuposa maso anga nyuzipepala.
Anatembenuza tsamba, kufuna nsabwe kunsi kwake:
palibe.
Tiulusi ta akangaude: palibe.
Anapisa chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri,
nachinunkhiza, nakwinya mphuno.
"Muli dambo umu, a Chisale."
Ananyamula chitini, nasuzumira kunsi.
Chibowo ngakhale chimodzi.

Tinalizula pakhonde, pa thumba lakale la simenti.
Mizu ina yoyera, yolimba,
yambiri yakuda, yoterera ngati therere logona.
"Tsamba likapinda musalifunse lokha," anatero,
"funsani muzu.
Womira ndi waludzu amakweza manja mofanana."

Sizasi yanga yometera inadula zowola zonse.
Nyundo ija inagwira ntchito isanachoke pakhomo:
msomali, mabowo asanu pansi pa chitini.
Tizidutswa ta njerwa poyamba,
mchenga wa m'ngalande, timakala tosinja,
dothi lakuda la pansi pa mthethe.
Analibweza pawindo, koma kuseri kwa katani,
kuti dzuwa lifike losefedwa.
"Chala chikatuluka chouma, thirirani.
Chikatuluka ndi matope,
manja m'thumba, mupite kuntchito."

Manja m'thumba!
Ndadulapo tsitsi la ana olira,
ndametapo maliro, lumo osanjenjemera,
koma kudutsa pawindo lija ndi kapu m'manja
n'kumwa ndekha madziwo
ndi ntchito imene inanditulutsa thukuta.
Masiku asanu ndi limodzi chala chinabwera chonyowa.

Masamba akale aja sanatambasukenso.
Awiri anagwa, ndinawasesa.
Limodzi lilipobe, lopindika ngati khutu la mbuzi.

Mvula yoyamba itanunkhiritsa fumbi,
ndinaona pakati pa tsinde kanthu kobiriwira,
kosongoka, kokulungika zolimba.
Mtima unati phaa, zayambiranso!
Ndinathamangira kumpanda wosavala nsapato.
A Nagama anaseka mpaka kutsamira mtondo:
"Latsopano limabadwa chokulunga, bambo inu.
Lisiyeni. Litseguka lokha."

Linatenga masiku anayi.

Sabata imeneyo sindinaimbe ku Mzuzu.
Foni ndinaisiya pa kabati, chafufumimba.
Loweruka usiku inalira yokha.
Anasimba za wodi ya ana, za kuzizira kwa kumeneko,
za nsapato zoyera zimene zikumuluma chidendene.
Za duwa sanafunse.
Ine ndinali chiimire pawindo,
chala chimodzi m'dothi,
kumvetsera.