Mtembo wa M'mutu Wachitatu

Ndinapha munthu Lolemba m'mawa,
Edisoni Khuliwa, kalaliki wa pa sikelo ya tiyi.
Ndinamugoneka chafufumimba pakati pa mizere
kuseri kwa Chitakale,
kenako cholembera chinaima.
Sindinkadziwa wofika poyamba ndani,
agwira chiyani, alemba chiyani.

Buku lolangiza olemba nkhani za upandu
ndinaligula pa mulu wa mabuku akale ku Limbe,
chikuto chothothoka, masamba onunkha nkhungu.
Likuti: zingani malowo ndi lamba wachikasu,
valani magolovesi, jambulani zithunzi,
tsitsi lililonse lipite ku labotale dzuwa lisanalowe.
Ndinakopera zonse bwinobwino.
Edisoni anangogona pamenepo
ngati mlendo m'nkhani yake yomwe.

Ndiye ndinapita kwa Sajeni Namakhwa.
Anapuma ntchito kalekale,
amagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu wa ku Muloza.
Anawerenga tsamba limodzi atalitalikitsa ndi mkono,
naseka mpaka kutsokomola.

"Lamba wachikasu? Ife tinkabwereka chingwe cha mbuzi.
Galimoto inalipo, inde. Mafuta ndiwo kunalibe.
Lemba kuti wapolisi wako wafika pa kabaza,
matope mpaka m'mawondo,
wapeza anthu makumi asanu atazungulira kale,
mapazi awo atadya mapazi a wakupha.
Otsalawo chiperoni chafufuta usiku."

Ndinafunsa za zidindo za zala.
Anayang'ana zala zake zomata madzi a nanazi,
nazipukutira pa buluku.

"Mlandu suyambira pa mtembo, mwanawe.
Umayambira m'buku la zochitika,
lija la pa kauntala, lothimbirira m'makona:
ola, dzina la wodzanena, mudzi wake.
Chosalembedwa m'menemo sichinachitike
ngakhale msika wonse utachiona.
Ikatero kalata ya kuchipatala,
dokotala anene chimene chadula mpweya.
Ukagwira munthu umuuze chifukwa,
umuuze kuti angathe kukhala chete,
ndipo masiku awiri asanathe akaime kukhoti.
Lemba kuti zimatero.
Lembanso kuti nthawi zina sizitero."

Minibasi inaima, anagulitsa nanazi ziwiri,
nabwerera akuwerenga chenji.

"Kalaliki wakoyu ali ndi mkazi?"
Ndinati sindinaganizepo.
"Mupatse mkazi. Aliyense amadikiridwa ndi wina.
Buku lakoli lili ndi tsamba la kuodira pakhomo?"
Ndinavundukula mpaka kumapeto. Munalibe.

"Wanga woyamba anali wa ku Mimosa.
Ndinapeza mayi akutsuka kalongonda,
mwana ali kumsana.
Anaona yunifolomu, anaona chipewa chili m'manja,
anadziwa, ndikukuuza anadziwa,
koma anakatenga mphasa nayala,
nagwada, nati: Mwaswera bwanji, bwana?
Ndipo ine ndinayankha kuti ndaswera bwino.
Zaka makumi atatu tsopano,
mayina a akuba onse ndinaiwala,
koma mawu awiri amenewo
akadali pakhosi ngati munga wa nsomba."

Phiri linali litabisala mu mtambo.
Anandisendera nanazi, nakana ndalama.

Usiku umenewo ndinalemba m'mphepete mwa buku lija,
pamene likunena za magolovesi:
chingwe cha mbuzi, kabaza, chiperoni.
Lamba wachikasu ndinamusiya momwemo,
nayenso ali ndi kwawo.

Edisoni tsopano ali ndi mkazi, dzina lake Filesi,
ndi ngongole ya feteleza,
ndi njinga yopanda mabuleki yotsamira pa khonde.
Wakupha ndikumudziwa, sakundivuta.
Wondivuta ndi konsitabo wa m'mutu wachinayi:
lero ndi tsiku lachitatu
ataima pa bwalo la Filesi, chipewa m'manja,
nkhuku zikumuzungulira,
ndipo ndikulephera kumutsegula pakamwa
kuti anene: Odi.